Adiresi ya Marnie Haugen

Marnie Haugen ndinagwira naye ntchito zaka khumi ndi zinayi ku Thunder Bay, mu ofesi ya kampani yonyamula tirigu, tonse tikulemba mapulogalamu a kompyuta. Anali mayi wamfupi, wosakonda macheza, wodya sangweji ya tchizi tsiku ndi tsiku ataimirira pawindo. Chaka choyamba sindinamukonde. Nayenso sanandikonde, ndipo anandiuza pamaso.

Akadali pabanja, Marnie analemba kachidutswa ka pulogalamu kowerengera nthawi, koti katundu akanyamuka kuno n'kukafika kumene wotchi ili patsogolo, maola asasokonekere. Anakaika pa intaneti kuti aliyense atenge ulere, monga timachitira tonse. Pa ntchito yathu, ukafuna kachidutswa ka mnzako sukopera. Umangolemba adiresi yake pamwamba pa pulogalamu yako, ndipo kompyuta imapita yokha kukatenga. Adiresi yake Marnie anailembetsa ndi dzina limene ankadziwika nalo pabanja, la mwamuna wake, Dussault.

Rejean Dussault anali munthu wansangala pagulu. Kunyumba anamuthyola Marnie chala, kenako nsagwada. Marnie anathawa pakati pa nyengo ya chisanu ndi sutikesi imodzi, ukwati unatha, ndipo anabwerera ku dzina la bambo ake. Anasintha pasipoti, laisensi, khadi la kuchipatala, ngakhale kachikwangwani ka pachitseko cha ofesi. Adiresi ija yokha ndi imene inamukanika.

Nthawiyo n'kuti kachidutswa kake katalowa m'mapulogalamu zikwizikwi, ena a m'zipatala, ena amene eni ake anawaiwala kalekale koma akugwirabe ntchito. Mu iliyonse munali mzere uja wa Dussault, ndipo woufufuta anali mwini pulogalamu yekha. Marnie anatsegula adiresi yatsopano ya Haugen n'kupempha anthu mwaulemu kuti asamukire kumeneko. Chaka chitatha, osamuka sanafike ngakhale makumi asanu. Wina anamulembera kuti asamavutitse anthu chifukwa cha dzina chabe.

Ine mtima wanga ndi wapachala.

"Ingoisiya ife yokha," ndinamuuza. "Nthawi yake ikatha, usaiwonjezere. Alire okha anthu osayamikawa."

"Iwe Gwen, ukuyesa sindinaganizepo? Ndikaisiya lero, mawa wina waitola. Aikamo chilichonse chimene akufuna, makompyuta onsewo n'kumeza osatafuna."

"Nanga ameneyo ndi mlandu wako?"

Anangotembenuzira kompyuta yake kwa ine. Panali uthenga wochokera kwa Rejean. Ankati wamva kuti dzina lake salifunanso, ndiye am'bwezere adiresiyo popeza ndi yake, ndipo ali ndi mnzake wodziwa za makompyuta.

"Ameneyu ngakhale pulinta sadziwa kuyatsa," ndinatero.

"Mnzakeyo ndiye akudziwa. Komanso akungofuna ndidziwe kuti akundiona."

Choncho anaisunga. Kwa zaka zina khumi ndi chimodzi ankatsegula adiresiyo m'mawa uliwonse, kukonza zolakwika zimene anthu osawadziwa ankamutumizira. Ambiri ankayamba ndi "Mayi Dussault", ena mwaukali ngati anamulemba ganyu. Iye ankayankha aliyense, pansi n'kulemba kuti Haugen. Sindinamumvepo akudandaula, koma ndinkaona mmene ankaumitsira nsagwada polemba dzina la Dussault lija. Zinkandiwawa, ndipo zimandiwawabe.

Khansa inam'peza ali ndi zaka makumi asanu ndi zitatu, ndipo sinachedwe naye. Nditapita kukamuona kuchipatala, anandipatsa kapepala kosankhirapo chakudya cha odwala. Kuseri kwake anali atalemba mawu achinsinsi otsegulira adiresi ija.

"Usaitaye," anatero. "Ndipo ukali wakowo uusiye kunyumba."

"Ukundisiyira dzina la chitsiru chija?"

"Nanga ndisiyire ndani? Palibenso wouma mutu ngati iwe."

Anamwalira mu Epulo, madzi oundana a padoko la mzinda wathu asanasungunuke. Pamaliro tinalipo anthu khumi ndi awiri.

Patapita sabata, anthu ogwiritsa ntchito kachidutswa kaja anatsegula tsamba lomukumbukira. Mauthenga anabwera mazanamazana, ochokera kumayiko amene Marnie sanapondeko, onse omuyamika. Pamwamba pa tsambalo analemba kuti Marnie Dussault. Ndinalembera amene analitsegula, bambo wina wa ku Oregon, n'kumuuza kuti dzina lake linali Haugen. Anandiyankha mwaulemu kwambiri. Anapepesa, nati akumvetsa, koma akalemba Haugen anthu sadziwa kuti akulira ndani.

Ndinawerenga mauthenga onsewo mpaka pansi, mwina n'kupeza mmodzi yemwe anagwira dzina loona. Ndinapeza atatu. Uthenga umene anthu anaukonda koposa, n'kuuyankha ndi mawu achipepeso, unali wa Rejean. Analemba kuti ankanyadira kwambiri mkazi wake.