Beseni la Kalongonda la Mayi Namakhwa

Kwa zaka makumi awiri ndi ziwiri, aliyense wolowa mumsika wa Bangwe podzera pachipata cha kumunsi ankayamba waona beseni la mayi Modesta Namakhwa. M'besenimo munkakhala kalongonda, nyemba zikuluzikulu zija zimene Alomwe amazidziwa bwino. Mayi awo a Modesta anaoloka nazo mtsinje wa Ruo atazimanga pakansalu, pothawa nkhanza za Apwitikizi, ndipo cholowa chokha chimene anasiyira mwana wawo chinali kaphikidwe kake.

Kaphikidweko si kamasewera. Kalongonda ali ndi ululu: ukamuphika ngati nyemba wamba amazunguza mutu, amasanzitsa, ndipo munthu amabwebweta ngati wakhuta kachasu. Mayi Modesta ankamuwiritsa, n'kumusenda khungu mmodzimmodzi mpaka zala kuchita makwinya, kenako kuwiritsanso ndi kutaya madzi. Madzi oyamba amatuluka akuda bii. Iwo ankataya kasanu ndi kawiri, kufikira madzi atayera. Akatero ankadya okha kambale kamodzi, n'kukhala pakhonde ola lathunthu kumvetsera mutu wawo. Mutu ukakhala bata, m'pamene ankasenza beseni.

Anzawo ogulitsa tomato sankawasiya.

"Mayi Namakhwa, lero mwapha angati?"

"Ndikudikira inuyo," ankayankha osatukula maso, "koma tsiku ndi tsiku mumangolawa zaulere, kufa ayi."

M'chaka cha 1997, feteleza atakwera mtengo moti olima timinda ta m'mphepete mwa phiri anangotaya mtima, kunabwera bungwe lina lakunja loona za nthaka ndi chilengedwe. Linaitanitsa msonkhano pabwalo la tchalitchi. Mlangizi wake anali bambo Kumbusko Mhango, munthu waulemu wa ku Rumphi, amene anali asanalaweko kalongonda chibadwire. Anagawa timapaketi ta pulasitiki, kalikonse kali ndi kapepala ka malangizo.

"Iyi ndi mbewu yatsopano, dzina lake mukuna," anatero. "Mukaibzala m'mizere ya chimanga, masamba ake abwezeretsa chonde m'nthaka."

Mayi Modesta anang'amba paketi, anathira njerezo m'dzanja, n'kuseka mpaka kutsokomola.

"Achimwene, uyutu ndi kalongonda. Wakwera liti ndege?"

Bwalo lonse linafa nacho chikhakhali. Koma mayi Modesta anaimirira, nkhope itasintha.

"Nanga kaphikidwe kake mwawauza anthuwa? Pano pali a ku Ntcheu, a ku Dedza, a kwanu komwe. Sakumudziwa."

"Mayi, mbewu iyi si yodya. Ndi ya nthaka basi."

"Chinthu chooneka ngati nyemba, chili m'nyumba ya munthu wanjala, inu mukuti si chodya? Lembani pakapepala kanuko kuti madzi atayidwe kasanu ndi kawiri."

Bambo Mhango anati mfundoyo ndi yabwino kwambiri ndipo aipititsa kwa akuluakulu. Mzungu amene anabwera nawo anafunsa zimene mayiyo wanena, anagwedeza mutu mokondwa, n'kuwajambula chithunzi njere zili m'manja. Pakapepala sipanalembedwe kanthu.

Mayi Modesta anayesetsa. Akaweruka kumsika ankalowa makomo oyandikana nawo kufotokoza za madziwo. Koma mbewu inagawidwa m'mabanja mazana atatu, mpaka ku Namiyango, ndipo iwo anali ndi miyendo iwiri yokha, wina wotupa bondo.

Mu Okutobala chaka chotsatira, mayi wina wamasiye wa ku Namiyango, dzina lake Janet, chimanga chitamuthera, anaphika njerezo monga mmene amaphikira nyemba, n'kupatsa ana ake atatu. Pofika masana anawo anali akusanza, wamng'ono akudzandira ndi kuitana bambo ake amene anamwalira kalekale. Anawathamangitsira kuchipatala, ndipo mwa chisomo cha Mulungu onse anachira.

Bungwe lija linanjenjemera. Pasanathe sabata linalemba kalata yochenjeza kuti mbewuyo ndi chiphe, isadyedwe ngakhale kugulitsidwa ngati chakudya. Kalatayo inafika kwa mkulu wa msika, bambo Feston, amene anabwera nayo pabeseni m'mawa wa Lolemba.

"Si ine, mayi. Ndi kalata."

"Bambo Feston, mwadya pabeseni ili kuyambira muli ndi tsitsi. Munadwalapo?"

"Ine ayi. Koma kalatayi ili ndi chidindo."

Mayi Modesta anasenza beseni lodzaza kubwerera nalo kunyumba, kwa nthawi yoyamba m'zaka zonse zija.

Lachinayi anavala chitenje cha kutchalitchi, anaika kalongonda m'kambale kovundikira, n'kukwera minibasi ziwiri kupita ku ofesi ya bungwelo m'tauni. Anawakhazika pabenchi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Kutsogolo kwa benchiyo, pakhoma, panali chipepala chachikulu chonyezimira. Anachiyang'ana nthawi yaitali asanazindikire kuti mayi wa duku lofiira amene akumwetulira pamenepo, njere zili m'manja, ndi iwo amene. Dzina lawo panalibe.

Bambo Mhango atatulukira, mayi Modesta analoza khomalo.

"Chizungu chili pansi pa nkhope yangacho chikuti chiyani?"

Mlangiziyo anakanda m'mutu. "Chikuti… tilemekeze nzeru za eni nthaka."

Mawuwo sanali opeka a bungwelo. Maiko atasonkhana mumzinda wa Rio mu 1992 anasainirana pangano losamalira zachilengedwe, ndipo m'panganomo muli ndime yonena kuti nzeru za eni nthaka zilemekezedwe ndi kusungidwa. Ndime imeneyi yayenda m'misonkhano yambiri ya m'mahotela, yaomberedwa m'manja, yamasuliridwa m'zinenero zochuluka. Chimene sichinalembedwe ndi chakuti munthu achite chiyani pamene mwini nzeruyo wafika yekha pakhomo, bondo litatupa, kambale kali m'manja. Akale anati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Sanatiuze kuti nthawi zina kalumoko ndi kako komwe, ndipo akumeta nako mpala wopanda madzi.

"Sindinabwerere chithunzi," anatero mayi Modesta. "Ndabwerera malo anga. Lembani kalata ina, yonena kuti wophikidwa bwino sapha. Ndikuuzani kaphikidwe, inu muzilemba."

"Mayi, ine ndikukhulupirirani. Koma kuti tilembe zimenezo, mpaka akatswiri akayeze kaye kunja. Ndiponso lipoti latumizidwa kale."

"Likuti chiyani lipotilo?"

Bambo Mhango anayang'ana nsapato zawo. "Likuti anthu sanamvetse malangizo."

Mayi Modesta anavundukula kambale. Anatapa kalongonda n'kutafuna pang'onopang'ono, maso ali pa mlangiziyo, kenako anamulozetsa kambaleko.

"Akatswiri ndi awa, ndawabweretsa. Lawani."

Dzanja la bambo Mhango linanyamuka, linaima m'malere, n'kubwerera m'thumba.

"Ndadya kale, mayi. Zikomo."

Mayi Modesta sanakalipe. Mphamvu yokalipira inali itathera pabenchi. Anavundikira kambale, anatsanzika mwaulemu, n'kutsika masitepe atagwirira khoma.

Chaka chisanathe ntchito ya bungwelo inafika kumapeto, galimoto zake zinapita kwina, ndipo panalibenso woti n'kufafaniza kalata ija. Inatsala m'kabati ya bambo Feston ndi chidindo chake. Malo a pachipata cha kumunsi anapatsidwa kwa bambo wina wogulitsa kaunjika. Mayi Modesta anayesa tomato, koma ogulitsa tomato analipo kale makumi anayi. Anayesa makala, chifuwa chinakana.

Masiku ano amaphikabe kalongonda kuseri kwa nyumba yawo, Loweruka lokha, chifukwa msana sulolanso kuposa apo. Ogula amalowera kumpanda wa kumbuyo ngati akudzagula chinthu chakuba. Mayi Janet anabwerapo kawiri kudzaphunzira, koma atafika pa madzi achinayi anati nkhuni zochuluka chotere iye sangazipeze, ndipo sanabwerenso.

Amene salephera ndi bambo Feston. Amafika ndi kambale m'jumbo, n'kuyang'ana uku ndi uku asanakhale pansi.

"Wapsa, mayi?"

"Dikirani. Atsala madzi amodzi."

"Aaa, asanu ndi amodzi akwana. Ndikuthamangira kumsika."

Mayi Modesta amagwira mphika ndi kansanza, amawerama movutikira, n'kutaya madzi achisanu ndi chiwiri m'ngalande. Kenako amadya kambale kawo, n'kukhala pakhonde kumvetsera mutu, mkulu wa msika akudikira.