Mchenga wa mu Paipi ya Eyakoni

Nikumbukira chaka chimene Tisa anabwera kukhala na ife ku Matero. Ninali na zaka khumi na ziwiri. Inali nthawi ija ya mizere. Imwe bana ba manje simungadziwe. Ukaona mzere pa shopu unali kuyamba waimapo, ndiye pambuyo ufunse kuti, "Kansi bagulitsa chani?" Nthawi zina shuga, nthawi zina saladi, mafuta ophikira aja. Tsiku lina ninaima kuchokera m'mawa mpaka dzuwa pamutu, n'kubwerako na makandulo awiri. Koma si va mizere vimene nifuna kukamba.

Batate banali makanika. Galaji imene banali kusewenzako mu tauni inachotsa banthu nchito, ndiye banayamba kukonzera mamotoka pakhomo, pansi pa mtengo wa kotapela. M'nyumba mwathu munalibe mwana mwamuna, choncho wopatsira masipana ninali ine, batate kungoitana nambala ya sipana. "Lontiya, teni!" Ine liwiro. "Lontiya, satini!" Ine liwiro. Ninali kuyenda mu komboni na girizi kumanja, osafuna na kusamba, kuti banzanga baone.

Tisa anali msuweni wanga, mwana wa mlongo wa batate, wa ku Katete. Bamai bake batamwalira, batate banapita kukamutenga, pakuti malume ni malume. Anali wamng'ono kwa ine na chaka chimodzi, woonda monga bango, wokamba Chichewa chija chakuya. Ife "vinthu", iye "zinthu". Ninali kumuseka maningi. Pakudya anali kutema tumbamu tung'onotung'ono, asanakhute wasamba kale m'manja. Bamai sibanali banthu boipa, Mulungu abasunge, koma unga unali wovuta, ndiye nthawi zina banali kung'ung'udza kuti pakamwa pawonjezeka.

Tsiku lina kanati ka pa bauti kanagwera kumbuyo kwa injini. Batate banayesa na waya, kanakana. Ine ninayesa, dzanja linakanirira. Tisa, amene anali chikhalire pakhonde, anabwera n'kugwada.

"Amalume, ndiyeseko?"

Analowetsa kadzanja kake, n'kutulutsa kanati. Batate banaseka mpaka mano onse panja. "Aa! Awa ndiye manja a makanika!"

Imwe, zaka zinayi nikuthamanga na masipana, mawu amenewo sininawamvepo. Kuyambira tsiku lija kunali "Tisa, bwera uone", "Tisa, gwira apa". Ine ninatsala wa teni na satini. Mumtima munali kuwotcha monga nameza khala.

Manje kunabwera motoka ya bwana wina wa kumayadi, yofiira, yokhala na eyakoni, ija yoziziritsa mkati. Masiku aja motoka yatsopano kunalibe woigula, ndiye bazibambo banali kupikisana kusamala zakale. Uyu bwana matenda ake anali kutsegula boneti pamaso pa banzake kuti baone mmene injini yake ikuwalira. Chimene chinali kumunyansa ni mapaipi a eyakoni, amene anali kudutsa pamwamba pa injini monga matumbo a mbuzi. Anafuna kuti batate bawachotsepo, bawadutsitse m'mbali, kutsata khoma la motoka, abisike, injini ioneke poyera. Ine ninali kudabwa: banthu tikusowa sopo, wina akudandaula va matumbo a motoka! Koma nchito ni nchito, ndipo bwana analonjeza kuti ikakhala bwino azabweretsa banzake bonse.

Vuto inali paipi. Njira ya m'mbali ni yaitali, ndiye panafunika paipi ina yaitali, ndipo mu mashopu munali mashelufu chabe. Batate banasakila mu masikirapu, mogulitsa visulo va mamotoka akufa, mpaka banapeza imodzi ya aluminiyamu, yowongoka bwino. Imodzi yokha.

Paipi yotere siuipinda chabe monga waya. Ukaipinda ilibe kanthu mkati imafinyika pokhota, gasi osadutsa. Ndiye batate banali na njira yawo. Banali kusefa mchenga na sefa ya bamai, ija ya unga, ndipo nkhondo yake ya sefa imeneyo ningakambe mpaka mawa. Mchenga uja banali kuukazinga pa mbaula kuti uume, n'kuuthira mu paipi pang'onopang'ono, uku bakugogoda na supuni kuti utsike, udzaze tho. Kumapeto konse kuwiri banali kukhomako tumitengo tosema. Ikatero unali kuipinda mozungulira chitini cha penti, n'kukhota bwinobwino yosafinyika. Pambuyo pake kuchotsa mchenga, kutsuka, kupopa mphepo, kutsukanso, pakuti kamchenga kamodzi kotsalira kangaphe kompresa, mtima wa eyakoni.

Nchito yodzaza mchenga ninali kuilakalaka kuyambira kale. Banapatsa Tisa.

Anakhala pansi pa kotapela m'mawa wonse, ngo ngo ngo na kasupuni, lilime lili panja. Atatsiriza, batate banakhoma kamtengo, n'kunena kuti bazapinda bakabwera, bayambe bapita ku Lilanda kukabwereka chowotcherera. Bamai banatuma Tisa ku pompi kukatunga madzi. Pakhomo ninatsala nekha na paipi.

Sininaganize nthawi yaitali, nisaname. Kamtengo kanali kolimba, vala vinakana, ndiye ninakazula na mano. Ninakhuthulira mchenga kumbuyo kwa chimbudzi, pafupifupi theka, n'kubwezerapo kamtengo, n'kukhoma na mwala. Ninafuna chabe kuti batate baone kuti manja a makanika aja nawonso amalakwa.

Batate batabwera banaika paipi pa chitini. Kukhota koyamba kunayenda bwino. Kwachiwiri, pafupi na kumapeto, kunangomveka kuti fwo, paipi yafinyika, yang'ambika na pambali. Batate banaichotsa pa chitini. Banazula kamtengo, banapendeka paipi, osatuluka kanthu.

"Tisa, ninakuuza bwanji?"

"Ndinadzaza, amalume. Ndinagogoda mpaka pakamwa."

Bamai banali pakhonde, bakusankha kapenta. "Ninakamba ine," banatero. "Mwana wabwera dzulo mwamupatsa nchito ya bakulu. Manje tizadya chani, mchenga?"

Tisa ananyamuka. Analowa m'nyumba. Ine mumtima munali kuzuna, nisabise, monga napeza shuga wa pa mzere. Ninatola masipana onse n'kuwapukuta, kuwandandalika bwino pafupi na batate kuti baone mwana weniweni ni uti.

Kuzuna kuja sikunakhalitse. Nitapita kumbuyo kwa nyumba ninapeza Tisa wakhala pa njerwa, wamanga tuvovala twake mu chitenge, kamtolo kali pamiyendo. Diresi langa lakale limene bamai banamupatsa analivula, analipinda bwino n'kuliika pawindo. Sanali kulira.

"Uchita chani?" ninamufunsa.

"Ndikudikira andiperekeze ku basi."

"Uyenda kwa ndani?"

"Kaya."

Ku Katete kunalibe munthu womulandira, ine ninali kudziwa. Koma ninangoima pamenepo. Nikanakonda kukuuzani kuti ninathamanga kukaulula nekha. Iyai. Ni batate banaitana.

Ninabapeza bakutembenuza kamtengo kaja m'manja.

"Lontiya, seka."

"Batate?"

"Nati seka, nione mano."

Ine mano anga akutsogolo ali na mpata, mpaka lero, ngakhale manje mipata yachuluka. Pa kamtengo panadindika mano awiri, pakati mpata. Banakaika pafupi na kamwa yanga monga bakuyesa nati pa bauti.

Ninayembekeza lamba. Sibanamasule. Banakhala pa chitini chija n'kuniuza kuti nikhale pansi.

"Uganiza nimupatsa nchito chifukwa akuposa?" banatero. "Iwe olo ugone tsiku lonse, mbale yako ilipo, palibe azakufunsa. Uja saona choncho. Wamuona mmene amadyera? Nimupatsa nchito kuti akatambasula dzanja ku mbale asamaope. Manje iwe wamulanda na chimenecho."

Ndiye banati niyende nikauze bamai na Tisa vimene ninachita, na kamwa yanga, ibo sibazanithandiza. Bamai banagwira pakamwa, pambuyo banagwira khutu langa, ndipo ninamva kuwawa mpaka Sondo. Kwa Tisa kunali kovuta kuposa. Ninakamba nikuyang'ana nyerere pansi. Iye anangoti, "Chabwino," basi.

Masiku anayi ninayenda na batate mu masikirapu, ku George, ku Kanyama, wapansi, pakuti mabasi nawonso anali a mizere. Tinapeza paipi, koma yaifupi. Wonionetsa kudzaza anali Tisa, batate banalamula choncho. "Gogodani pansi choyamba, musafulumire," iye akuniuza, ine nikumeza mate owawa. Paipi inapindika bwino, koma pokhala yaifupi, chigawo china chinatsala chikuoneka pakona pa injini. Bwana anatsegula boneti, analoza pamenepo na kiyi, anapukusa mutu. Motoka anatenga, koma sanabwerenso, ndipo banzake baja sitinabaone. Mwezi umenewo tinadya kalembula, masamba a mbatata aja, mpaka kumulota.

Tisa sanapite. Anakhala na ife zaka zisanu na zitatu, anakwatiwira pakhomo pathu, manje ali ku Kaunda Square na bazukulu bake. Nsanje yanga sinathe tsiku limodzi, iyai, pakuti manja ake analidi abwino kuposa anga, ndipo ichi chimaniwawa pang'ono mpaka lero. Koma chimene sininaone nili mwana nachiona nitakula, nitalera nane bana ba banthu bena m'nyumba mwanga. Ine ninali kulimbira kutamandidwa, mnzanga anali kulimbira pogona. Bamai banamuuza kangati konse kuti aike vovala vake mu sutukesi yathu, iye kuvomera mwaulemu, "Inde, ndiika." Koma kuchokera tsiku la paipi lija, akachapa anali kupinda n'kumanganso mu chitenge, mfundo ziwiri, n'kuika kumutu kwa mphasa. Paipi tinapeza ina m'masiku anayi. Kamtolo kaja anakamasula patapita zaka ziwiri.