Kamota ka amalume pa njinga ya atate

Kanali kachitsulo kozungulira, konga chitsononkho cha chimanga, kokhakhala ngati tupa. Kankakhala pamwamba pa tayala la kumbuyo, kunsi kwa chishalo, ndipo munthu akagwetsa kachigwiriro kake kankaluma tayalalo n'kuyamba kulizunguza. Pambali pake panali kamota kakuda ndi mawaya awiri opita ku batire lomangidwa pa kaliyala ndi malegeni. Mpaka lero ndikamva fungo la mphira wopsa ndimaona njinga ya atate itatsamira nkhokwe.

Kamotako kanabwera ndi amalume, mlongo wawo wa amayi, m'zaka zija makampani ankagulitsidwa, anthu n'kumabwerera kumidzi ndi sutukesi imodzi. Iwo anachokera ku Lusaka. Ankati kamotako anawasiyira ndi mzungu wina amene ankabwerera kwawo. Njinga analibe. Pamudzi pathu ponse njinga inali imodzi, ya atate.

Atate anali mkamwini. Kwawo kunali ku Kasungu, tsidya la malire. Anabwera kudzagwira ntchito m'minda ya fodya, anakwatira amayi, n'kumanga nyumba pamudzi pa akazi awo monga mwa mwambo wathu. Munda unali wa amayi. Ife ana tinali mbumba ya amalume. Chawochawo cha atate chinali njinga ija basi, ndi ntchito ya pachigayo ku boma la Lundazi, kumene ankapalasa tsiku ndi tsiku.

Amalume anamanga kamotako Loweruka lina, osafunsa. Atate anapeza njinga yawo itagonekedwa chagada, sipanala ili m'manja mwa alamu awo. "Alamu, mwavutika kupalasa," anatero amalume m'chinyanja chawo cha m'tauni. "Kuyambila lelo mupumula. Kuchigayo kwanu si kuli malaiti? Muzikatchaja komweko." Atate anati zikomo. Mkamwini sakana mphatso ya mwini mbumba.

Kupumulako kunayenda motere. M'mawa atate ankanyamuka ndi batire lopanda moto, lolemera ngati mwala wa mphero, n'kupalasa nalo mpaka ku boma. Kumeneko ankalitchaja, atapempha kwa mwini chigayo, amene analola monyinyirika. Madzulo batire linali lodzaza, koma amalume anali atalamula kale kuti: "Musaumalize moto panjila, ndili nawo nchito." Choncho atate ankakweza kachigwiriro kaja kuti kachitsulo kasakhudze tayala, n'kupalasanso ndi miyendo yawo kubwerera. Akafika, thukuta lili kamukamu, amalume ankalandira njingayo n'kuzungulira nayo midzi mpaka moto utatha. Madzi a m'batire ankadontha, ndipo buluku la atate la kuntchito linabooka timabowo kumbuyo ngati ladyedwa ndi chiswe.

Ine pamenepo ndinali mwana wa kupulaimale, ndipo nyengo imeneyo ndinkaiona yokoma. Amalume ankandikweza kutsogolo. Njinga inkayenda yokha, miyendo yawo ili lende, kamota kakulira ngati njuchi m'mphako. Anzanga ankatithamangira m'fumbi akukuwa kuti, "Mthuthuthu wopanda utsi!" Azimayi pachitsime ankatula ndowa kuti aone. Ngakhale aphunzitsi anatiimitsa tsiku lina, n'kugwada kuyang'ana mawaya, chipewa chili m'manja.

Sindifulumira kuwaweruza amalume. Munthu anakhala m'tauni zaka zambiri n'kubwerako wopanda nyumba, wopanda mkazi, ndipo kachitsulo kaja kokha ndi kamene kankachitira umboni kuti anakhalako kwinakwake. Zimenezo ndimazimvetsa. Koma mphamvu imene ankayendera inali ya m'miyendo ya munthu wina, ndipo iwo ankadziwa.

Kachitsulo koteroko anakapangira misewu ya phula. Kwathu kuli mchenga. Mchengawo unkalowa pakati pa chitsulo ndi mphira, ndipo tayala linkapalidwa ngati mpini wa khasu. Pansi pa chishalo pankadzaza fumbi lakuda. Ndinkawaona atate akulipukuta ndi chala, n'kuchiyang'ana chalacho nthawi yaitali. Mizere ya tayala inatha, kenako ulusi wa m'kati unayamba kuonekera. Anaikamo chigamba cha tayala lakale, anasoka, anakulunga ndi malegeni. Kachitsulo kankadya chigambacho masiku ochepa. Munthu amene sankagwira ngakhale khasu pa Sabata anayamba kusoka tayala tikangobwera kutchalitchi, atabisala kuseri kwa nyumba ngati akuba.

Mvula itayamba zinthu zinaipiratu. Tayala likanyowa, kachitsulo kankangoterereka, kamota n'kumalira pachabe njinga osayenda. Anyamata a kumsika anayamba kuseka. Amalume sankapirira kusekedwa. Anatenga sipanala n'kumanga mabawuti mpaka chitsulo chinamira mu mphira. Masana ena, pafupi ndi madimba, tayala linang'ambika utali wa chikhatho, chubu n'kuphulika ngati mfuti. Amalume anaikankha njingayo mpaka kunyumba, anaitsamiritsa pankhokwe, n'kunena kuti, "Matayala a masiku ano ni abodza."

Inali miyezi ya njala, tayala latsopano linali losalingalirika. Atate anatsendera udzu wouma m'tayala long'ambikalo. Njinga ya udzu imagunda ngati ngolo, ndipo m'matope imakana. Anayamba kuyenda wapansi, kufika kuchigayo dzuwa litakwera, azimayi atafola kale ndi timatumba tawo. Mwini chigayo, amene batire lija linkamuwawa kuyambira kale, anawachenjeza kuti akachedwanso alemba wina.

Ndiye linafika tsiku limene atate analankhula. Ndikulikumbukira chifukwa sindinawamvepo akupempha kanthu pamudzipo. Anapita pakhonde pa amalume, anavula chipewa, anakhala pansi. Amayi anali chapafupi akusenda maungu. Atate anati, "Alamu, ndapota nanu. Mnzanga wa kuchigayo wandilonjeza tayala lakale. Ndikaliika, kachitsulo kanuka kachoke pa njinga, ndisataye ntchito."

Amalume sanakweze mawu. Anafunsa kuti njingayo imagona pamudzi pa yani. Anati mbuzi yodya msipu wa pano ndi ya pano. Kenako anaseka pang'ono n'kunena kuti, "Inu alamu tinakubwelekani ngati tonde. Ana tawaona, zikomo. Koma tonde salamula m'khola."

Amayi anangoti, "Achimwene, basi." Mpeni wawo sunaleke kusenda.

Ine ndinakhala ndi mkazi wanga mpaka Ambuye anamutenga, ndipo ndikudziwa mmene mwamuna amadikirira liwu limodzi la mkazi wake lomuikira kumbuyo pamaso pa anthu. Atate analidikira. Amayinso sindiwada, pakuti akanatsutsana ndi mlongo wawo, munda ndi ana zikanakhala pamoto. Ndayesa kupempherera onse atatu mofanana. Sizinatheke masiku onse.

Tayala lakale lija linabweradi, ndipo kachitsulo kanalidya pasanathe masabata ambiri. Ntchito inatha. Atate anakhala pakhomo masiku angapo akupalira munda wa amayi, anthu odutsa akuwapatsa moni wa chisoni.

M'mawa wina mvula itakata, atate anamasula kamotako. Anayala thumba loyera pakhonde pa amalume, n'kuikapo kamota, batire, mawaya atakulungidwa bwino, mabawuti onse pamodzi. Anatsenderanso udzu m'tayala. Pa kaliyala anamangapo bulangete, Baibulo ndi poto mmodzi. Amayi analowa m'nyumba ndipo sanatuluke.

Ndinawatsatira mpaka kukamtsinje kamene kali kumapeto kwa minda. Njinga inkagunda pa miyala, udzu ukutuluka pong'ambika paja. Ndinawafunsa kumene ankapita. Anati, "Kwathu, kukafuna tayala." Ndinati ndipita nawo, ndikhala pa bulangete. Anaima. Anandigwira pamutu, dzanja lawo likununkha girisi ndi gaga. "Bwerera, mwanawe. Iwe ndiwe wa pano."

Ndinadzawaonanso ndili ndi ndevu.

Koma tsiku limene anachokalo sindinalire. Ndinabwerera ndikudumpha zithaphwi, ndipo anzanga atandifunsa ndinawafotokozera mwanzeru zanga zonse: tayala la udzu silinganyamule anthu awiri, akapeza labwino adzanditenga. Ndinkakhulupirira kuti chimene chinatilekanitsa chinali mphira. Sindinkadziwa kuti ngakhale akanakhala ndi matayala awiri atsopano, atate sakanandiwolotsa kamtsinje kaja popanda kubwerera pakhonde lija, kuvulanso chipewa, ndi kupempha mwana wawo kwa amalume.