Anyezi M'chipinda Chofunsira Antchito

Mchemwali wanga amagwira ntchito ndi makampani a mafoni, koma musamufunse chifukwa chake netiweki ikuvuta, akukalipirani. Makampani akuluakuluwa ntchito zambiri sagwira okha. Kukumba ngalande za mawaya, kukwera nsanja, kukonza mafoni owonongeka, zonsezo amapereka kwa timakampani tina, n'kutisainitsa malamulo okoma kumva: osalemba ana ntchito, osakakamiza munthu kupitirira nthawi yowerukira, osachotsa mayi chifukwa choti ndi woyembekezera. Ntchito ya mchemwali wangayo ndi kukaona ngati malamulowo amafikadi pamene pakhala wantchito. Ine ndine mkulu wake komanso dalaivala wake, moti kunyumba ndimalamula ine, pamsewu amalamula iye.

Sanayambire pamwamba ayi. Ali mtsikana ankalongedza machaja m'makatoni. Tsiku lina kuntchito kwawoko kunabwera woyendera wina waulemu wake, nati aliyense wodandaula alowe mu ofesi. Analowa munthu mmodzi yekha, mnzake amene ankadya naye masana. Sabata isanathe mnzakeyo anamupezera chifukwa n'kumuchotsa ntchito. Woyenderayo sanatchule dzina la munthu, koma kapitawo anali ndi maso. Nkhaniyi imamuwawa mchemwali wanga mpaka lero.

N'chifukwa chake iye safunsa kuti wodandaula ndani. Amaitana onse, mmodzimmodzi, kuyambira wosesa mpaka mlonda wa pageti. Aliyense amamuthirira tiyi wotentha, ndipo munthu satuluka tiyiyo asanathe. Wopanda mawu amacheza naye za mpira, wolongolola amamudula, kuti woonerera panja asadziwe amene waulula. Mabwana amanyansidwa nazo chifukwa tsiku limapita, koma antchito anamupatsa dzina loti Mayi Onse, ndipo iye amalinyadira kuposa satifiketi yake.

Ulendo umene ndikufuna kunenawu tinapita pakampani yokonza mafoni. Chinali chipinda chachitali, mawindo ali pamwamba, amayi okhaokha ovala makhoti abuluu ataweramira timawaya, fungo la zowotcherera lili guu. Manijala anatilandira mano onse ali pamtunda, n'kutionetsa malamulo aja atapachikidwa pakhoma m'fulemu yatsopano. Kenako anapatsa mchemwali wanga kachipinda kosungiramo katundu kuti azifunsiramo anthu. Kapitawo wa pamenepo, bambo wonenepa khosi, anakoka katoni n'kukhala moyang'anizana ndi chitseko, akunamizira kuseweretsa foni.

Ine ndinabwerera m'galimoto kukawodzera. Sindinapite patali ndi tulo, foni inalira.

"Achimwene, anyezi tagula panjira aja, bweretsani kuno. Ndi mpeni womwe."

"Iwe, mutu ukuyenda bwino? Anyezi kuntchito?"

"Fulumirani. Polowa mukalipe ngati mmene mumachitira kunyumba, kapitawo amve."

Kukalipa sindichita kuphunzitsidwa. Ndinadutsa pakati pa matebulo thumba lili m'manja, ndikubwebweta kuti mwana ameneyu anakula mopusa, ofesi ya eni ake waisandutsa khitchini. Kapitawo anaseka n'kusuntha mwendo wake kuti ndidutse.

Ndinalowa m'kachipindamo n'kutseka chitseko. Pampando panali mayi wachitsikana, khoti atamasula, m'manja muli nsalu yaitali. Pamimba pake panali mizere pomwe nsaluyo inkaluma. Anali woyembekezera, ndipo m'mawa uliwonse ankamanga mimbayo zolimba kuti isaoneke, chifukwa pakampanipo mayi akangooneka choncho ankauzidwa kuti kontirakiti yake yatha. Anali ataulula zonse, n'kulira mpaka maso kufiira psuu. Tiyi anali atatha, nthawi yake yotuluka itakwana, koma maso amenewo akanamugulitsa kwa kapitawo asanafike n'komwe patebulo lake. Ndinamva chisoni, kenako ukali woti ndikanatha kumenya munthu.

Mchemwali wanga sanatekeseke. Anayala chivundikiro cha katoni patebulo n'kuyamba kuduladula anyezi.

"Madzulo ndili ndi alendo, nthawi yophika ndiitenga kuti?" anatero mokweza kuti zimveke panja. Kenako anatsitsa mawu n'kuuza mayiyo kuti, "Mangani, asisi, koma osalimbitsa kwambiri. Dzina lanu silituluka muno."

Ndinayang'ana kukhoma mpaka atamaliza kumanga. Anatuluka akupukuta m'maso, fungo la anyezi likumutsatira. Wotsatira wake anatulukanso akulira, wina akulira uku akuseka, mlonda wa pageti akutukwana chamumtima. Pomaliza mchemwali wanga anasuzumira pakhomo.

"Akapitawo, inunso ndinu wantchito. Lowani mumwe tiyi."

Bamboyo anatuluka mamina ali chuchuchu, osadziwa kuti mwa anthu olira onsewo wolira zenizeni anali uti.

Kwa manijala sanapite ndi nkhani ya munthu. Anangofunsa funso limodzi, ine nditaima pakhomo ndi thumba langa.

"Bwana, chitsegulireni kampani ino, ndi amayi angati anapitapo kutchuthi cha uchembere?"

Manijala anakanda m'mutu, nayang'ana kudenga. "Aaa, mayi, pakadali pano sizinachitikepo."

"Amayi onsewa? Ndiye kuti pano anthu sabereka?"

Zimenezo n'zimene analemba mu lipoti lake, popanda dzina la aliyense. Kampani yaikulu imene inkawapatsa ntchito inauza manijalayo kuti akonze zinthu, apo ayi ntchito ipita kwa ena. Ine ndinkakayika, chifukwa mabwana ndimawadziwa, koma mchemwali wanga anangoti tidzabweranso, ndipo manijala akudziwa kuti tidzabweranso.

Tinabwereradi mwezi wotsatira. Titangolowa m'chipinda chachitali chija ndinamuona mayi uja. Anali atakhala pampando wotsamira, khoti losamanga mabatani, mimba ili patsogolo poyera. Chapafupi panalinso amayi ena awiri otero, amene ulendo woyamba ndinkawaona ngati mitengo yowongoka. Ndinakondwera kwambiri. Ndinakweza dzanja kuti ndimupatse moni, koma iye anatiyang'ana ngati alendo wamba n'kubwerera pa timawaya take. Ndisanatsegule pakamwa, chidendene cha nsapato ya mchemwali wanga chinatera pachala changa.

"Simukumudziwa, achimwene," ananong'ona.

"Iwe, si uja..."

"Inenso sindikumudziwa. Akapitawo ali kumbuyo kwanuko."

Ndinatsitsa dzanja n'kukanda nalo khutu. Tinadutsa patebulo lake osacheuka, ine ndikutsimphina, mchemwali wanga akufunsa manijala kumene aike ketulo.