Kakadzagwa m'munda mwa eni

Bambo a Tadala, lero chakwana chaka chitisiyireni, ndipo lero lomweli mwana wanu wabwera ndi nkhani yoti kusukulu amusankha kukapikisana nawo pa zoulutsa madironi, tindege topanda munthu m'katimo tija, ku boma. Iye akudumphadumpha, ine mtima uli m'mwamba. Ndakumbuka tsiku lija kadironi kamene munapanga ndi ana omwe munkawaphunzitsa sayansi kanagwera m'munda wa kachewere kuseri kwa msika wa Nsipe. Anthu anathamangirako miyala ili m'manja, akukuwa kuti ndege ya afiti yagwa dzuwa likuswa mtengo. Ine ndinali pomwepo ndi dengu langa la tomato. Inu munalowa pakati pawo, n'kukatola, n'kukatsegula kumimba. "Taonani, makosana, ili ndi batire. Mfiti yake iti imakatchajitsa ndege kugolosale?" Ena anaseka. Ena sanaseke.

Osaseka aja ndi amene ankanong'onezana pamaliro panu kuti zakudyani ndi zouluka zanu zomwe, chonsecho kuchipatala anatiuza poyera kuti kunali kuthamanga kwa magazi. Panopa Tadala akumayeserera kadironi kake kuseri kwa nyumba. Ndikangomva kakulira ngati njuchi, ndimasiya mbale m'madzi n'kuthamangira kumpanda kukaona amene akusuzumira. Kumuletsa ndikulephera, poti manja akewo ndi anu enieni, ngakhale kalumidwe ka mlomo akamamanga timawaya. Koma ndiuzeni, bambo a Tadala, kakadzagwa m'munda mwa eni, adzalowe pakati pa miyala ija ndani?