Zikhomo Zofiira za pa Doko

Ndiyambe ndi kuulula uchitsiru wanga, poti ukalamba wandichotsa mano ndi manyazi omwe. Ndili mwana ndinkakhulupirira kuti mtsinje wa Shire umamvera zikhomo zofiira.

Zikhomozo anabwera nazo amuna atatu oyeza malo, chaka chimene ndinabwereza sitandade thu. Anazikhoma mozungulira bwalo la pa doko ku Chiromo, mitu yake yopakidwa penti yonunkha ngati palafini. Nditafunsa aphunzitsi, anangoti amenewo ndi malire, wodutsa pamenepo aona zakuda. Mutu wanga wa dzunguwu unamva kuti wochenjezedwayo ndi mtsinje. Nanga kwathu ankalowa m'malo a eni osaodira ndani, kupatula madzi?

Nyumba ya amalume inatsala kunja kwa zikhomozo, patali ngati poponya mwala. Amalumewo ndi amene ankandikweza mu mwadiya wawo, kabwato kosema, popita kudambo, n'kumandiotchera milamba mpaka mafuta kuchucha m'zigongono. Chaka chapitacho madzi anali atawatengera mbuzi ndi chitseko. Ndiye masana ena, anthu atathawa dzuwa, ndinazula zikhomo zitatu n'kukazikhoma ndi mwala kuseri kwa nyumba yawo, kuti nayo ikhale mkati. Pobwerera ndinkayenda ngati bwana wa kuboma.

Chaka chimenecho madzi sanasefukire. Amene anabwera ndi akapitawo, anthu a zikwanje ndi waya, kudzamanga nyumba yosungiramo thonje. Oyeza aja anali atapita kale. Amalume analumbira m'Chimang'anja ndi m'Chisena momwe kuti anauzidwa kuti nyumba yawo siikhudzidwa. Akapitawo anangoloza pansi, amvekere zikhomo sizinama. Ine ndinali pomwepo, ndikutafuna nyika yophika, timizu ta m'dambo, kukamwa kuli bii. Ndimakumbukira fumbi la udzu wa denga likuyabwa m'maso pamene ankagwetsa nyumbayo, ndi amayi atasenza mphasa ya mlongo wawo.

Amalume anagulitsa mwadiya, anakalowa ntchito yodula nzimbe kuminda ya kutali, ndipo anamwalirira komweko osaponyanso khoka. Koma ine nyengo imeneyo ndinkangodabwa kuti akuluakulu akulirira chiyani, chikhalirecho zikhomo zanga zaletsa madzi.

Nyumba ya thonje ija inagwa kalekale. Chaka chino pabwera kampani yomanga malo ogona alendo, mashopu, ndi kanjira ka matailosi koti anthu azioneramo mvuu atagwira botolo. Mdzukulu wa amalume, mayi wa ana anayi, amagulitsa nsomba zouma pamene panali nyumba ya agogo ake. Amuuza kuti achoke, poti malo onse amene anali mkati mwa waya uja agulidwa. Lachiwiri anabwera kwa ine, wamkulu wotsala, anagwada, nati ndikanene pa msonkhano wa Lachisanu pamene oyeza anaika malire enieni. Ndinamuseketsa ndi nkhani ya ng'ona yopanda mchira, kenako ndinamuuza kuti za kale choncho mutu wanga unataya. Anathokoza, mwana waulemu, n'kumapita.

Madzulo ake ndinawafotokozera mayi a kunyumba zonse, koyamba chikwatiranireni, ndikuyesa kuikamo nthabwala. Sanaseke. Anamaliza kukhoma chotchinga udzudzu, n'kunena kuti:

"Wozula zikhomo uja anali mwana, ameneyo musiyeni. Koma wanama leroyu ali ndi imvi. Malaya oyera aja ndichapa mawa, Lachisanu mukanene nokha."