Kamtsikana ka a Wailesi

Mumsewu mwathu tonse timawatcha a Wailesi, chifukwa akagwira mutu wako kuti akuluke, pakamwa sipatseka. Saluni yawo ndi kachipinda ka mipando iwiri ndi galasi long'aluka pakona. Amuna awo ndi makaniko, munthu wa mawu ochepa. "Ine ndinakwatiwa ndi khutu," amatero eni ake.

Ndinawadziwa bwino tsiku limene anandiluka theka la mutu. Anali ndi pakati pa miyezi isanu ndi umodzi, mimba yoyamba atadikira zaka zambiri. Ali mkati mondisimbira za apongozi awo, anangoti zii. Nditayang'ana pansi ndinaona madzi akutsika m'miyendo mwawo mpaka m'masilipasi.

"Achemwali, kodi ndadzikodzera?" anafunsa mwamanyazi.

"Ayi, imeneyo ndi nsupa yasweka. Tiyeni kuchipatala."

"Nanga mutu wanuwu?"

Tinakwera takisi chipeso chili m'tsitsi langa. Anamwino anawagoneka, kuwapatsa mankhwala ndi jakisoni wokhwimitsa mapapo a mwana, n'kuwauza kuti asamayendeyende. Anamvera, ngakhale ankaitana odwala anzawo kuti akhale pambali pa bedi aziwaluka chogona. Koma patapita masiku ochepa thupi linatentha, zowawa za kubereka n'kuyamba.

Kanabadwa kamtsikana kokwana m'dzanja la bambo ake. Makaniko uja anakhula zikhadabo zake mpaka oyilo yense anachoka asanakakhudze. A Wailesi ankakhala pafupi ndi kabokosi kagalasi kofunditsira ana, n'kumakauza za aliyense wa mumsewu mwathu.

"Taonani tsitsi lakelo," anandiuza nditapita kukawaona. "Kasitomala wanga waulere ameneyu."

Sabata isanathe mwana uja anatisiya.

Saluni inatsekedwa. A Wailesi ankangogona atayang'ana kukhoma, kumadzifunsa ngati kuimirira tsiku lonse ndiko kunachititsa. Anamwino anali atawauza kuti nthawi zambiri chifukwa chake sichidziwika, koma mtima sunamve. Ndiye amuna awo, akaweruka kugalaja, ankakhala m'mphepete mwa bedi n'kuyamba kuwasimbira nkhani za mumsewu.

"Bambo aja sadziwa kufotokoza," a Wailesi anandiuza pambuyo pake. "Amayambira kumapeto. Akuti, 'Wamabuledi wamangidwa.' Basi, nkhani yatha! Wamangidwa chifukwa chiyani? Wam'manga ndani? Ndinaona kuti ndikapanda kudzuka, ndifa ndi nkhani zoduka mutu."

Anadzuka ndithu. Lero ali ndi anyamata awiri, onse ofatsa ngati bambo awo. Mayi woyembekezera akalowa mu saluni amam'patsa mpando wa khushoni, n'kumuuza kuti akangoona madzi asadikire munthu, athamangire kuchipatala.

Kasitomala wachilendo akafunsa kuti ali ndi ana angati, amayankha manja ali pantchito.

"Atatu. Woyambayo anali mtsikana, koma anali wachangu kwambiri. Weramani pang'ono, mayi."